Khasu la Agogo Ndalipeza M'kabati ya Galasi

Mtendere, Lusaka
22 Seputembala 2024

Okondedwa alongo anga a Mbewe,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse pakhomopo. Kodi bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mwayamba kungotuma? Rosemary akuti mutalankhula naye pafoni mwezi watha munkatsokomola. Ngati chifuwacho chilipobe pitani kuchipatala, musadikire kuti chithe chokha. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akutisunga.

Lero ndakwanitsa masiku 41 chichokere kumudzi, ndi masiku 26 chichitire opaleshoni. Anachotsa ng'ala ya diso lakumanja. Lakumanzere akuti lidikire chaka chamawa. Mankhwala ndimadontheza kanayi pa tsiku ndipo sindinaphonyepo. Tsiku limene anamasula bandeji ndinaona zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa: denga la Rosemary lili ndi mabowo asanu ndi anayi, ndipo mwana wangayo wayamba imvi. Za mabowo ndinamuuza.

Mwina mukudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndikudziwa kuti kwanuko netiweki imagwira pachulu pokha, ndipo mawu a pafoni amalowa m'makutu a aliyense amene waima pafupi. Koma chifukwa chachikulu ndi china. Nkhani imene ndili nayo ndi ya a Nankhoma, mkazi wanu woyamba, amake Edmond, ndipo inaonongeka ndi kalata yanga. Ndaona kuti kukonza kwake kuyambenso ndi kalata. Muwerenge mutakhala pansi, mpaka kumapeto. Ndifotokoza mwandondomeko monga zinachitikira.

Kuno ku Mtendere ndi fumbi lokhalokha. Nyumba ndi ya zipinda zitatu ndipo tikukhalamo anthu asanu ndi awiri. Madzi amatuluka m'mawa mokha, pa mpopi wa oyandikana nawo, ndipo zigubu zimafika 30 pamzere dzuwa lisanakwere. Za magetsi ndinazilemba m'kope sabata yatha: Lolemba anabwera maola atatu, Lachiwiri awiri, Lachitatu sanabwere n'komwe. Akuti chilala chomwe chinatiotchera chimanga kumudzi ndicho chachepetsa madzi ku Kariba. Aliyense wabwerera ku mbaula, ngakhale a nyumba za mipanda.

Mkamwini wathu, Ba Chansa, amawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko ku Kalingalinga. Popanda magetsi makina ake angokhala. Ndi munthu wosazolowera kupinda manja, ndiye anauza Rosemary kuti popeza apongozi apatsidwa diso latsopano, si bwino kuti lizingoona khoma la aneba, aone Lusaka. Choncho kwa milungu iwiri anandiyendetsa m'malo osungiramo zinthu zakale, nditavala magalasi akuda oteteza ku fumbi. Tinafika malo anayi.

Ulendo woyamba unali ndi vuto la ulemu. Ine ndinafuna kukhala kumbuyo kwa minibasi, iye kutsogolo, monga ziyenera kukhalira pakati pa mkamwini ndi apongozi ake. Kondakitala sadziwa zimenezo. Mpando wa anthu atatu amaikapo anayi, ndipo anatikankhira pamodzi, bondo kubondo, uku akukuwa kuti mami sendelani, iyi si bedi. Ba Chansa anatuluka thukuta. Anatsika n'kukakhala pa kampando kopinda ka pakhomo, kamene kamadzutsa munthu pa siteji iliyonse. Anadzuka kakhumi ndi kamodzi tisanafike. Munthuyu analeredwa.

Tinayambira ku Chilenje, ku nyumba nambala 394, kumene kunkakhala mtsogoleri wathu woyamba dziko lisanalandire ufulu. Ndinaphunzitsa za nyumba imeneyi zaka 33 osaiona, ndipo m'mutu mwanga inali yaikulu. Ndi kanyumba wamba, sikasiyana kwenikweni ndi ka Rosemary. Ndinaima pabwalo n'kuganizira ana onse amene ndinawajambulira pa bolodi chinyumba cha mawindo asanu ndi limodzi kutsogolo. Ena mwa iwo ndi aphunzitsi tsopano, mwina akujambulabe.

Malo achiwiri anali ku Kabwata, kumene osema ziboliboli amagulitsira m'tinyumba tozungulira ta udzu. Pa mphasa ya munthu mmodzi ndinawerenga mvuu zamtengo 38. Ataona magalasi anga akuda anayesa ndachokera kunja, anayamba Chingerezi. Nditamuyankha m'Chichewa anaseka n'kunena kuti ambuya mwanipusitsa. Ndinanyamula chipande chake chimodzi n'kumufunsa kuti chosazama chotere munthu angaomolere nacho chiyani. Anati vimenevo si vophikira, ni vopachika pa chipupa, bazungu saomola. Ndinachibwezera pamphasa.

Achitatu anali myuziyamu yaikulu ya m'tauni. Masitepe ananditopetsa, koma muli zambiri zoyenera kuona ndipo zaikidwa mwadongosolo, zimene zinandikondweretsa. Ndinangoseka kuona mtondo, lichero ndi nsengwa zili ndi mapepala ofotokoza ntchito yake, ana asukulu akukopera m'makope. Titabwerera kunyumba Ba Chansa anauza Rosemary, poganiza kuti sindikumva, kuti nyumba yanga ya kumudzi yangotsala tikiti pakhomo. Opaleshoni inali ya diso, makutu anga sanadwalepo.

Malo achinayi sanali pa mndandanda wathu. Kutchalitchi kwa Rosemary kuli mayi wina wocheperako pang'ono kwa ine, Ba Nsama, wa ku Kasama, amene amasamalira chipinda cha zinthu zakale pa koleji ina ya aphunzitsi kuno. Atamva kuti ndinali mphunzitsi anandiitana. Tinapita Lachinayi pa 12.

Mukudziwa mmene timachitira chimbuya ndi Ababemba, kunyozana kuja kongoseka. Ndisanakhale n'komwe ananditengera pa msampha wa mbewa n'kunena kuti nayi butchala ya kwanu, igwadireni. Ndinamufunsa ngati anyani a ku Kasama anatha onse kudyedwa, popeza m'chipindamo sindinaonemo ngakhale mchira. Tinagwirizana kuyambira pamenepo.

Chipindacho chili ndi makabati atatu a galasi, ndipo zinthu zonse ndi 118. Ndinayambira kumanzere monga ndimachitira. M'kabati yachiwiri, pa shelefu yapansi, pali makasu akale asanu opanda mipini. Lachitatu kuchokera kumanzere ndi lathu.

Alongo anga, ndikunena khasu la agogo a Nasakala. Lija linkakhala kudenga kwa amayi litakulungidwa m'kansalu kakuda. Lija malume ankalikhomera mpini mvula yoyamba ikagwa, kuti amayi akumbe mapando atatu pangodya ya munda wina aliyense wa mbumba yathu asanabzale. Msana wake uli pakati monga kale. Madontho a wosula alipo asanu ndi awiri, anayi pamwamba, atatu pansi. Ngodya yakumanja ndi yobenthuka pamene agogo anamenya mwala. Ndinagwada pansi, ndinatseka diso lodwala, ndinawerenga katatu. Ba Nsama anayamba kunena kuti ndalakwitsa kabati, msampha wa mbewa uli uko, koma ataona nkhope yanga anasiya n'kukatenga mpando.

Kapepala ka pambali pake kangolembedwa kuti khasu lakale, Chadiza, 1984. Ndinapempha kuona buku limene amalembamo chinthu chilichonse chikamalowa. Analipeza m'kabati yachitsulo, lili ndi fumbi. Tsamba 46, mzere wachisanu ndi chiwiri: khasu limodzi, mphatso ya sukulu, lalandiridwa pa 25 Okutobala 1984. Wopereka anasaina. Siginechayo ndi yanga, V. Mbewe, ndi kamzere kaja ndimaika pansi mpaka lero.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika, popeza inu mukudziwa theka lake lokha.

Chaka chimenecho dziko linkakwanitsa zaka 20 za ufulu, ndipo pasukulu pathu tinakonza chionetsero cha zinthu za makolo. Ndinabwereka kwathu zinthu khumi ndi ziwiri. Amayi anakana khasu kawiri. Kachitatu analola chifukwa ndinalonjeza kuti sililowa m'manja mwa wina. Pa tebulo panali makasu akale awiri: lathu, ndi lina ladzimbiri, lopanda mwini, limene ana asukulu analifukula pokumba dzenje la chimbudzi. Mwa alendo munali mphunzitsi wa ku koleji ya ku Lusaka amene ankatolera zinthu zakale. Anapempha lathu, ndinakana. Anapempha la m'dzenjelo, ahedi analola. Mawa lake ndinakulunga zinthu zonse m'manyuzipepala, ndekha, makasu onse awiri mofanana. Phukusi limodzi ndinapereka kwa mlendoyo n'kusaina pepala lake. Otsalawo ndinawerenga, anakwana khumi ndi awiri, ndinaika m'thumba. Sindinamasule ngakhale limodzi.

Lole yondisamutsira ku Lundazi inali itaima kale pabwalo la sukulu. A Nankhoma anabwera kudzatsanzikana nane ali ndi Thandi kumbuyo. Ndinawasenzetsa thumbalo kuti akapereke kwa amayi.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine. Amayi anapachika phukusi kudenga osalimasula. Mvula itagwa mu Novembala anapezamo chitsulo chachilendo, ndipo poopa kuti wina watchera mankhwala anakachiponya m'dziwe tsiku lomwelo. Malume a Miti anandilembera kufunsa. Ndinayankha masiku awiri asanathe, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira. Ndinalemba kuti ndinawerenga zinthu khumi ndi ziwiri, zonse zinali zokwana, ndinazipereka m'manja mwa mlamu, ndipo ine pa kuwerenga sindilakwa. Kalatayo inawerengedwa pansi pa mango pamaso pa anthu 17. A Nankhoma anali mkazi wa chitengwa, wopanda m'bale pamudzi pathu. Masiku amenewo kunkayendanso ogula zinthu zakale. Sipanafunike wina kunena zambiri kuti anthu akhulupirire kuti khasu analigulitsa ndi iwo. Khirisimasi isanafike munawaperekeza mpaka pa Nsadzu, Edmond ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Thandi ziwiri, ndipo inu munabwerera pamtsinje.

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Nditabwera pa tchuthi cha Epulo, amayi anandiuza kuti chitsulo chija chinali chadzimbiri, chodyeka mbali imodzi. Ndinakumbukira khasu la m'dzenje. Ndikanalemba kalata imodzi kupita ku koleji, ndikanadziwa mwezi usanathe. Koma ndinadziuza kuti ndinawerenga ndipo nambala inakwana. Ganizo limeneli landibwerera kangapo pa zaka 40 zimenezi, makamaka pa maliro a amayi, ndipo nthawi zonse ndinkaliyankha ndi khumi ndi ziwiri. Ndinawerenga maphukusi, za m'kati sindinazione. Mwana akachita zotere pa masamu ndinkamulembera ndi inki yofiira kuti aonetse njira.

Ndinafotokozera Ba Nsama zonsezi nditakhala pampando uja. Sanachitenso chimbuya. Anangondifunsa ngati mayiyo ali moyo. Ndikudziwa chiwerengero cha mbuzi zanu, ndikudziwa masiku obadwa a adzukulu anga onse khumi ndi atatu, koma sindinkadziwa ngati mlamu wanga ali moyo.

Amene ankadziwa ndi Rosemary. Akuti Edmond ali konkuno ku Kanyama zaka zoposa khumi, ndipo amakumana pa maliro a anthu akwathu. Nditafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anati anayesa kawiri, ine ndinayamba kukamba za mvula.

Tinapita Lachiwiri pa 17, minibasi ziwiri. Ba Chansa anatiperekeza n'kuima chapatali. Ku Kanyama miyala ndi matumba a mchenga zimene anthu amapondapo nthawi ya madzi zili momwemo m'fumbi, kudikira mvula ina. Edmond amakhoma mbaula kuchokera ku migolo yakale, pafupi ndi msika, ndipo chifukwa cha magetsiwa ntchito yamuchulukira. Zinalipo 23 pamzere. Ali ndi zaka 46. Chipumi ndi chanu, ndipo nyundo amagwirira kumanzere monga inu. Ali ndi ana anayi amene simunawaone.

Anandilonjera kuti ba anti, monga amalonjerera aliyense wofuna mbaula. Mpando sanandipatse. Ndinamuonetsa chithunzi cha khasu pa foni ya Rosemary ndi kope ya tsamba lija, n'kufotokoza monga ndafotokozera inu, osachotsa kanthu. Anapitiriza kukhoma. Anamenya nyundo kakhumi ndi kanayi asanayankhe.

Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa dzina limene ankamutcha kusukulu. Sindinkalidziwa. Ankamuti Kakhasu. Anati kumudzi kwa amayi ake nkhuku ikasowa, eni ake ankayamba adutsa pakhomo pawo. Kutchalitchi amayi ake anasankhidwa kusunga kiyi wa chipinda cha amayi a Chigwirizano, wina anakumbutsa za khasu, kiyiyo anapita kwa wina. Mwamuna mmodzi anabwera kudzawafunsira, abale a mwamunayo anamubweza. Ananena zonsezi osakweza mawu, m'Chinyanja chawo cha kuno, n'kumaliza ndi funso lakuti manje pepala iyi nichite nayo chani, nidye?

Ndinati sindinabweretse kuti adye, ndikufuna kulankhula ndi amayi ake. Kenako anapukuta manja n'kuimbira Thandi, amene akukhala nawo kumudzi.

A Nankhoma anandizindikira ndisanatchule dzina. Anati ndi aphunzitsi kodi. Ndinati ndine. Nditafotokoza, funso lawo loyamba linali lakuti kodi ulendo uno ndawerenga bwino. Ndinati ndawerenga katatu, ndipo siginecha ndi yanga. Kenako anati kwa iwo imeneyi si nkhani yatsopano, popeza ankadziwa kuyambira kale kuti sanabe. Yatsopano ndi kwa amene anakhala pansi pa mango. Ndinapempha kuti andikhululukire. Anati zimenezo si za pafoni ya mwana, mayunitsi angathe tisanafike pakati.

Anafunsa ngati inu muli moyo, ndiponso ngati mukuyenda. Ndinati mukuyenda ndi ndodo. Anati mphasa ilipo, adzatiyalira. Koma safuna kalata, safuna mthenga, ndipo ine ndekha sindikwana. Amene anawaperekeza n'kubwerera pamtsinje ndiye awoloke.

Thandi anatenganso foni n'kutuluka nayo panja. Anandiuza motsitsa mawu kuti amayi ake atupa miyendo kuyambira mu Juni, ndi mtima, ndipo agonekedwa kuchipatala kawiri. Kumunda sakupitanso. Anati ngati tili ndi mawu tisadikire kukolola.

Foni itatha Edmond anakoka kampando pansi pa tebulo lake, anakapukuta ndi dzanja n'kundipatsa. Anatumiza maheu. Sitinalankhule zambiri. Ndinafunsa mayina a ana ake ndipo ndinawalemba. Ponyamuka anati ngati bambo ake adzawoloke, iyenso adzakwera basi. Ngati sadzawoloka, ndisabwerenso kwa iye.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi ili. Ndidzanyamuka kuno Lachitatu pa 16 Okutobala, adokotala akandiona komaliza, ndidzagona ku Chipata, ndipo ndidzafika Lachinayi pa 17. Loweruka pa 19 tipite limodzi kwa a Nankhoma, inu ndi ine. Tsikulo lisanafike muitane amene atsala mwa anthu 17 aja. Mwa kuwerenga kwanga atsala asanu: inuyo, a Nabanda mkazi wa malume, msuweni wathu Yelesani, a Tisauke, ndi a Lekesina amene ali ku Katete kwa mwana wawo. Ngati ndalakwitsa mundikonze, tsopano ndikudziwa kuti zimatheka. Muwawerengere kalata ino pansi pa mango omwe aja, yonse, osadumpha ndime ya tchuthi cha Epulo. Ana ndi adzukulu amene anakula akumva nkhaniyi akhalepo. Amene angathe kuyenda adzatsagane nafe. Akulu anati mlandu suola, ndipo uwu ndauona ndi diso langa uli bwinobwino pa shelefu.

Sindikukusenzetsani mlandu wanga. Munakhulupirira mlongo wanu wophunzira monga anachitira onse, ndipo cholakwa choyamba ndi chachikulu ndi changa. Ndidzanena zimenezo ndekha, ndi pakamwa panga, pamaso pa abale awo. Komabe munakhala m'nyumba imodzi ndi munthuyo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo analumbira pamaso panu kuti thumba sanalimasule. Zimenezo mudzaziyeza nokha, ine sindikuyezerani. Ndikukudziwani kuti chinthu chikakulemerani mumatenga nkhwangwa n'kulowera kudimba mpaka anthu ataiwala. Ulendo uno musatero.

Mlamu wanga amake Chipo muwafotokozere bwino, mwinanso muyambe ndi iwo anthu ena asanamve. Palibe amene akufuna malo awo. Anakupezani muli nokha ndipo akusungani zaka 36. Tikupita kukabweza dzina la munthu, basi. Ngati angafune kutsagana nafe ndidzakondwa, ngati safuna palibe mlandu. Za bondo lanu musadandaule. Muuze Yelesani akonze ngolo yake, ndipo mtsinje panopa ndi mchenga wokhawokha. Mvula ikayamba sudzawolokeka ndi ngolo mpaka Epulo, n'chifukwa chake ndasankha tsiku limeneli.

Ndidzabwera ndi makope atatu a tsamba lija, odindidwa ndi koleji, ndi chithunzi cha khasu chotsukidwa pa pepala lalikulu kuti madontho azioneka. Limodzi ndi la a Nankhoma, lina la kutchalitchi kwawo, lachitatu lanu.

Mufunsa za khasu lenilenilo. Ba Nsama akuti iye alibe mphamvu yotsegula kabati n'kupereka chinthu cholembedwa m'buku, ndipo akunena zoona. Anandiuza kuti ndilembere akuluakulu a koleji. Ndinalemba pa 13, yankho silinabwere. Pakadali pano iye walemba mayina a agogo ndi a amayi, ndi mwambo wa mapando atatu, kuti akonze kapepala katsopano. Akuti pa zinthu 118 zija, ichi chikhala choyamba kudziwika mwini wake. Likadzabwerera, wokumba mapando ndi ineyo, popeza ndine mkazi wamkulu wotsala m'mbumba, ngakhale sindikudziwa ngati dzanja langa likuyenera. Koma zimenezo tisaziike patsogolo. Chitsulo chadikira zaka 40 ndipo sichinathe, chingadikirenso. A Nankhoma si chitsulo.

Mundiperekere moni kwa mlamu wanga amake Chipo, kwa Chipo ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse. Moni kwa a Nabanda, muwauze kuti mankhwala opaka miyendo aja ndawapeza. Moni kwa msuweni Yelesani ndi banja lake, kwa a Tisauke, ndi kwa amayi onse a Chigwirizano. Amene akundisungira nkhuku muwathokoze. Ndinasiya khumi ndi zisanu ndi imodzi, koma zikachepa sindidzaloza munthu chala. Rosemary, Ba Chansa ndi ana akupereka moni. Edmond sanapereke, ndipo sindinamulembere zimene sananene.

Kuchokera pakhomo panu kufika kwa a Nankhoma ndi makilomita khumi. Asanu ndi limodzi amathera pa Nsadzu, ndipo amenewo munayenda kale mu 1984. Atsala anayi. Pa 19 tidzanyamuke dzuwa lisanatenthe.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Virginia Mbewe
Amake Rosemary